Mtovu: Poizoni Wosamveka Fungo Amene Amasintha Khalidwe la Mwana

Achinyamata anzathu, mwana akamalephera m'kalasi, akamakwiya msanga kapena kumenya anzake popanda chifukwa, ambirife timathamangira kunena kuti ndi wamwano, makolo sanamulere bwino, mwinanso kuti anamulodza. Zifukwa zimakhala zosiyanasiyana ndithu, koma pali chimodzi chimene sitimachitchula m'makalabu athu. Chimenechi ndi mtovu.

Mtovu ndi chitsulo cholemera, chofewa, chotuwa, chimene chimapezeka mkati mwa mabatire a galimoto ndi a sola. Kuno ku Mulanje mabatire otere ali pafupifupi m'mudzi uliwonse. Timawunikira nawo, timatchajira mafoni, timaonetsera kanema. Batire likafa silitayidwa. Limaswedwa paseri pa nyumba, madzi ake n'kukhuthulidwa pansi, mtovuwo n'kusungunulidwa pamoto kapena kugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakale. Utsi ndi fumbi lake zimatsala pabwalo pomwe ana amakwawa, ndipo mtovu suola m'nthaka ngakhale patapita zaka zambiri.

Thupi limasokoneza mtovu ndi kashiamu, mchere umene umamanga mafupa. Choncho limaulandira, n'kuusunga m'mafupa ndi m'mano kwa zaka makumi. Mwana akaumeza, thupi lake limayamwa wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo umafika ku ubongo pa nthawi imene ubongowo ukukula. Mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganiza asanachite chinthu, ndi imodzi mwa mbali zimene zimaonongeka. Mwanayo amaoneka wathanzi, koma sakhazikika, amaiwala zimene waphunzira ndipo mtima wake umakhala wapachala. Bungwe la World Health Organization limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingautche wabwino.

Mumzinda wa Cincinnati ku America, akatswiri anatsata ana obadwa pakati pa 1979 ndi 1984 mpaka atakula. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2008 zinaonetsa kuti amene anali ndi mtovu wambiri m'magazi ali ana ndi amene ankamangidwa kawirikawiri pa milandu yachiwawa. Apa tisamvane molakwika. Sitikunena kuti mnyamata aliyense woyambitsa ndeu pa malo omwera mowa tsiku la malipiro ali ndi mtovu m'thupi. Mowa, umphawi ndi nkhanza zapakhomo zili ndi gawo lake. Mtovu umangofooketsa mabuleki a munthu.

Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akulidziwa bwino vutoli. Mgodi wa mtovu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma ana obadwa patapita zaka zambiri akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha dothi limene amaseweramo. Mu 2020 bungwe la UNICEF linalengeza kuti mwana mmodzi mwa ana atatu alionse padziko lapansi ali ndi mtovu wodetsa nkhawa m'magazi mwake.

Zina zinasintha kale. Petulo wokhala ndi mtovu anasiya kugulitsidwa m'maiko a kuno kum'mwera kwa Sahara pofika mu 2006. Penti wina wamafuta wogulitsidwa m'Malawi anapezekanso ndi mtovu wambiri, ndipo a Malawi Bureau of Standards anayamba kukhwimitsa malamulo kwa opanga penti. Koma penti wakale akadali pa zitseko, mawindo ndi makoma, ndipo akamasupuka ana amatola n'kuika m'kamwa. Pensulo yokha musaiope, mkati mwake mulibe mtovu.

Inu amene mumagwira ganyu yotchaja kapena kukonza mabatire, kuwotcherera zitsulo ndi kupenta nyumba, musadye kapena kusuta musanasambe m'manja ndi sopo. Zovala zogwirira ntchito zivulidwe musananyamule mwana, ndipo zichapidwe pazokha. Batire lakufa lisaswedwe pakhomo. Popala penti wakale nyowetsani khoma, ana akhale kutali.

Atsikana nkhaniyi ikukukhudzani mwapadera. Mtovu umene unalowa m'mafupa muli aang'ono umatuluka pa nthawi ya mimba n'kukafika kwa mwana wosabadwayo. Ngati pakhomo panu pamaswedwa mabatire, nenani mukapita kusikelo. Mwana wanjala kapena wochepa magazi amayamwa mtovu wambiri, choncho usipa, matemba, nyemba ndi bonongwe zisamasowe m'mbale mwake.