Kamfuno ka Obira m'Madzi

Ambiri a ife kuno ku Milange timasodza mu mtsinje wa Ruo ndi wa Muloza. Ukonde ukakodwa pa mwala, timabira pansi kukauwonjola. Ku Nyanja ya Malaŵi ena amabira ndi mabotolo a mpweya kumsana, kukagwira nsomba za mbuna. Nthaŵi zina munthu amavuuka mutu ukuŵaŵa, magazi ali chuchuchu m'mphuno. Aka ndi kamfuno. Munthuyo sanalodzedwe ayi.

M'mafupa a pamphumi ndi m'masaya muli timphako ta mpweya. Timphakoti tili ndi tinjira topita kumphuno. Tikamatsika, madzi amatipanikiza. Pa mamita 10 kupanikizako kumaŵirikiza kaŵiri. Tikakhala ndi chimfine, tinjira tija timatsekeka. Mpweya suloŵa m'timphako, ndipo timitsempha ta magazi timaphulika.

Choncho tisabire tili ndi chimfine, ngakhale ukondewo ukhale watsopano. Potsika, titsike pang'onopang'ono. Pamphumi pakayamba kuŵaŵa, tibwerere.

Kamfuno kakayamba, tikhale pansi, tiŵeramire kutsogolo. Titsine mphuno kwa mphindi 10, tikupumira pakamwa. Tisagadamitse mutu, chifukwa magazi amatsikira kukhosi. Magazi akapanda kuleka patatha mphindi 20, tipite kuchipatala.