Vitamini E ndi Mtima: ya M'botolo ndi ya M'mbale

Dzina lakuti vitamini E limaimira zinthu 8 zapachibale: 4 amazitcha ma tocopherol, 4 zinazo ma tocotrienol. Anatulukira vitaminiyi ndi Herbert Evans ndi Katharine Bishop ku Berkeley, m'dziko la America, mu 1922. Pa mitundu yonseyi, chiwindi cha munthu chimasankha umodzi, alpha-tocopherol, ndipo ndi umene umadzaza makapisozi ambiri a m'mafamase. Pabotolo pakalembedwa d-alpha, ndiye kuti yachokera m'mafuta a zomera. Pakalembedwa dl-alpha, ndi yopanga kufakitale, ndipo mphamvu yake ndi yocheperapo. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 15 patsiku, pomwe kapisozi mmodzi wa 400 IU amapitirira mlingowu koposa kakhumi.

Mbiri yoti imateteza mtima sinangoyamba yokha. Vitaminiyi imatchinjiriza mafuta a m'thupi kuti asawonongeke, choncho madokotala ankayembekezera kuti ithandiza mitsempha kusatsekeka. Mu 1993 akatswiri a ku Harvard anapeza kuti anthu omwa makapisoziwa ankadwala mtima mocheperapo. Koma munthu wogula makapisozi nthawi zambiri amakhalanso wodya bwino ndi wopita kuchipatala msanga. Pofuna kutsimikiza, kafukufuku wotchedwa HOPE, wa mu 2000, anagawa anthu oposa 9,000 pawiri, ena n'kumamwa 400 IU tsiku lililonse, ena kapisozi wopanda mankhwala. Matenda a mtima, sitiroko ndi imfa sizinasiyane. Mu 2008 kafukufuku wina, pa madokotala aamuna oposa 14,000, anapeza zomwezo, n'kuonjezera chodetsa nkhawa: sitiroko yobwera mtsempha ukaphulika mu ubongo inachuluka mwa omwa vitaminiyo. Mlingo waukulu umachedwetsa magazi kuundana, n'chifukwa chake amene ali pa warfarin kapena asipirini asamwe popanda kufunsa dokotala.

Kuno ku Nsanje vitaminiyi imamera m'munda. Ili mu mtedza, mu chitowe chimene alimi a m'Chigwa cha Shire amagulitsa kwa mavenda, m'nthanga za maungu ndi m'mafuta a mpendadzuwa. Mayi akasinja mtedza, n'kusefa nsinjiro, n'kutendera kholowa wa kudimba, wachita zimene thupi limafuna, pakuti vitamini E imalowa bwino m'thupi ikatsagana ndi mafuta, ndipo mtedza uli ndi zonse ziwiri. Zimandimvetsa chisoni kuona banja likugulitsa chitowe chonse pa Bangula osasiyako ngakhale kambale ka ana. Nthawi imene chakudyachi chimasowadi ndi madzi akakokolola minda, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, anthu n'kumadalira ufa wa chithandizo.

Chimene chikuwononga mitima kuno ndi kuthamanga kwa magazi (BP). Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Kapisozi wa vitamini E satsitsa BP. Imatsika munthu akachepetsa mchere wa m'ndiwo, akasiya fodya ndi kachasu, ndiponso akamamwa mankhwala monga hydrochlorothiazide kapena amlodipine tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene mutu sukupweteka. Kuyezetsa pa chipatala cha boma cha Nsanje ndi kwaulere, ndipo kumatenga mphindi zochepa chabe.