MLANDU SUOLA: WOFUFUZA WOUKA M'MANDA WAGAWA AWERENGI

Munthu wina dzina lake Dan Chambeaux anali kuyenda usiku mumzinda pamene cigawenga cinamuombera mfuti kunkhongo. Anafa, anthu anamulira, namuika m'manda. Koma posapita nthawi iye anadzifukula, nasasa dothi, nabvala cipewa cobisa bowo la cipolopolo pamphumi, nabwerera ku ofesi. Nchito yake asanafe inali yofufuza milandu, ndipo mlandu umene unali kumuyembekeza tsopano unali wa imfa yake yomwe.

Izi sizinacitikedi iai. Ndi nthano ya m'buku la Cingerezi lochedwa Death Warmed Over, lolembedwa ndi Kevin J. Anderson wa ku America, limene linatuluka m'caka ca 2012. Bukuli ndi limodzi mwa mabuku a mtundu wacilendo amene amaphatikiza zinthu zitatu mumphika umodzi: kufufuza milandu, zilombo ndi mizukwa, ndiponso nthabwala. M'masitolo a mabuku kawiri-kawiri amawaika pamodzi ndi nthano za sayansi, zija zosimba za makina odabwitsa ndi maiko ongopeka.

Awerengi a mabuku otere sagwirizana. Ena amawakonda kwambiri, ena amati ndi masewera a ana, enanso amati mlembi wolowetsa matsenga m'nkhani ya mlandu amanyenga wowerenga. Mkangano wao wagona pa funso limene bwalo liri lonse la milandu limalidziwa: kodi wolakwa amadziwika ndi umboni, kapena ndi maonekedwe ake?

KUMENE ZINACOKERA

Wofufuza wa cipewa ndi jekete lalitali anabadwira m'mabuku a ku America. M'caka ca 1930 Dashiell Hammett anatulutsa buku la The Maltese Falcon, losimba za Sam Spade wa mumzinda wa San Francisco. M'caka ca 1939 Raymond Chandler anatulutsa The Big Sleep, m'mene muli Philip Marlowe wa ku Los Angeles. Amuna awa si apolisi a boma. Munthu wobvutika amawalemba ganyu kuti amufufuzire nkhani yake. Amayenda usiku m'mabala ndi m'tinjira ta mdima, amamenyedwa, amanamizidwa, ndipo kawiri-kawiri amapeza kuti olemera ndi akulu-akulu a mzinda ndiwo ali kuseri kwa zoipa. Afalansa anacha nkhani zotere kuti noir, ndiko kuti zakuda, kamba ka mdima umene uli m'misewu ndi m'mitima ya anthu ake.

Alembi a pambuyo pake anatenga wofufuza wokwinya nkhope uja namuponya pakati pa ziwanda. Jim Butcher, m'buku la Storm Front la m'caka ca 2000, anapeka Harry Dresden, wamatsenga wa ku Chicago amene dzina lake linalembedwa m'buku la manambala a lamya monga mmisiri wina ali yense wofuna makasitomala. Anderson anapitirira pamenepo mwa kupha wofufuzayo nkhani isanayambe.

ODANA NDI MATSENGA

Gulu loyamba la awerengi limaona nkhani ya mlandu ngati mwambi wa ndagi. Wophiphiritsa ayenera kupereka zizindikiro zonse poyera, kuti womvera wocenjera athe kumasulira yekha. Maganizo awa ndi akale. M'caka ca 1929 wansembe wina wa Cikatolika wa ku England, Ronald Knox, amene analinso mlembi wa nkhani za milandu, analemba malamulo khumi oyenera kutsatidwa ndi alembi anzake. Lamulo laciwiri linaletseratu mizimu ndi mphamvu zonse zosaoneka.

Awerengi a gulu limeneli amakonda kuchula buku la Arthur Conan Doyle la m'caka ca 1902, The Hound of the Baskervilles. M'nkhaniyo anthu a kumudzi ankakhulupirira kuti cigalu ca ziwanda cinali kusakaza banja lina lolemera. Sherlock Holmes atafufuza anapeza kuti anali galu wamba wamkulu, wopakidwa mankhwala owala mumdima, ndipo mwini wake anali wacibale wobisika wofuna kulanda cuma ca banjalo. Iwo amati umu ndimo nkhani yabwino iyenera kuthera: mantha athe, nzeru ipambane. Amafunsa kuti, ngati mzukwa ukhoza kupyola cipupa, nanga citseko cokhomedwa cidzakhalanso umboni wanji? Ngati wophedwa akhoza kudzuka ndi kulankhula, wofufuza adzabvutikiranji?

Funso lomalizali Anderson analiyankha mwa nthabwala. Dan Chambeaux anaomberedwa kumbuyo, motero ngakhale anauka sanamuone amene anamupha. Anayenera kufunsa mboni, kulondola mapazi ndi kuwerenga mapepala monga wofufuza wamoyo.

Yankho lalikulu linali litaperekedwa kale ndi Isaac Asimov. Mkonzi wochuka wa magazini ya nthano za sayansi, John W. Campbell, ankati nthano zotere sizingayendere pamodzi ndi kufufuza milandu, popeza mlembi akapanikizika angopeka makina oulula wakupha. Asimov anatsutsa zimenezi ndi buku la The Caves of Steel la m'caka ca 1954. M'menemo wapolisi Elijah Baley apatsidwa mnzake wa nchito amene ndi makina ooneka ngati munthu, dzina lake R. Daneel Olivaw. Wowerenga amauzidwa poyera malamulo olamulira makina otere, maka-maka lakuti sangathe kupweteka munthu. Pokhala malamulo adziwika, mwambi ukhalabe wacilungamo.

Randall Garrett anacita cimodzi-modzi ndi matsenga. M'buku lake la Too Many Magicians, wofufuza Lord Darcy alibe matsenga ngakhale pang'ono. Ali ndi womuthandiza wamatsenga amene nchito yake ifanana ndi ya dotolo wopima mtembo: amanena zimene wapeza, koma sachula wakupha. Bukuli linafika pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Hugo m'caka ca 1967, mphotho imene awerengi eni ake amavotera pa msonkhano wao wa caka ndi caka. Kotero ngakhale pa nthawi imeneyo awerengi ambiri anali atabvomera kuti matsenga ndi umboni zikhoza kukhala m'buku limodzi, malinga mlembi akaika malire ndi kuwasunga.

KODI KUSEKA KUMAONONGA?

Gulu laciwiri silidandaula za malamulo koma za nthabwala. Iwo amati cilombo ciyenera kuopsa, ndipo nkhani ya noir iyenera kusiya cisoni mumtima. Mzukwa wogwira nchito yoyankha lamya pa ofesi, monga acitira Sheyenne, bwenzi la Dan amene anafa ndi poizoni, kwa iwo suli mzukwa konse. Alipo amene amatopanso ndi kuseweretsa mau kumene kwadzaza m'mabuku a Anderson. Ngakhale dzina lomunenera Dan, lakuti Shamble, ndi nthabwala ya Cingerezi yonena za kuyenda mokhwekhwereza miyendo. Nthabwala zotere zikacuruka zimakhala ngati mcere wopyola muyeso m'ndiwo, ndiponso sizimveka kwa munthu wa cinenero cina.

Gulu lacitatu, la okonda mabukuwa, limayankha kuti otsutsawo amangoona mano a woseka, osaona cimene akuseka. Milandu imene imafika pa ofesi ya Dan ndi mnzake Robin Deyer, mai wacitsikana wodziwa malamulo, iri ndi nkhani zeni-zeni mkati mwake. Mtembo wouma wa ku Egypt wakale, umene unauka, ufuna khoti liumasule ku nyumba yosungiramo zinthu zakale imene imauyesa katundu wake. Afiti awiri apacibale asumira kampani yosindikiza mabuku cifukwa cilembo cimodzi colakwika m'buku la matsenga cinasandutsa mmodzi wa iwo nkhumba. Wopopa magazi wina wamantha, amene sanalakwire munthu, apempha citetezo popeza gulu la anthu odana ndi zilombo likumuopseza. Wowerenga amaseka, koma akatseka buku amazindikira kuti wawerenga za ukapolo, za kampani yokana kulipira colakwa cake, ndi za tsankho. Pamapeto pake ciwembu cacikulu cipezeka kuti cinakonzedwa ndi anthu amoyo a zamalonda, obvala bwino.

WOBVOMERA MLANDU WOSAUCITA

Buku limene limaonetsa bwino mfundo ya gulu lacitatu ndi Feet of Clay, la Terry Pratchett wa ku England, la m'caka ca 1996. Nkhani yake icitikira mumzinda wopeka wa Ankh-Morpork, kumene mkulu wa apolisi Sam Vimes ali ndi anyamata ake a mitundu-mitundu. Pakati pao pali cimphona ca mwala ndi mai wina wochedwa Angua amene amasanduka mmbulu, motero amalondola zigawenga ndi mphuno.

Mumzindawo muli anchito oumbidwa ndi dongo. Sadya, sagona, salankhula, salandira malipiro, ndipo amamvera mau olembedwa pa kapepala koikidwa m'mutu mwao. Nkhalamba ziwiri zitaphedwa, mmodzi wa anchito a dongowa, dzina lake Dorfl, anabwera yekha ku polisi nalemba pa sileti kuti wakupha ndiye. Anthu a mumzinda anali okonzeka kale kukhulupirira, pakuti ankawaopa ndi kuwada. Koma wapolisi wina wochedwa Carrot anamuchera msampha pomufunsa, nachula dala cida cimene sicinagwiritsidwe nchito pa kuphako, ndipo Dorfl anabvomera. Apa wowerenga amaseka, ndipo apa pomwe wapolisi anatsimikiza kuti kubvomerako n'kwabodza, kuti wa dongoyo anali kubisa wina.

Pa nthawi yomweyo wolamulira mzinda anali kudwala ndi poizoni wa arsenic amene palibe anadziwa polowera pake. Anapima cakudya ndi zinthu zina za m'cipinda cake, osapeza kanthu. Vimes anazunguzika masiku ambiri asanazindikire kuti poizoniyo anali m'makandulo oyaka usiku. Matsenga sanamuthandize. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo Dorfl uja, Carrot anamugula ndi dola imodzi naika lisiti m'mutu mwake, kuti kuyambira tsikulo mwini wake akhale iye yemwe.

ZA KUNO KWATHU

Anthu olankhula Cinyanja sali alendo pa kusakaniza mantha ndi kuseka. M'nthano za agogo, fisi ndi woopsa komanso ndiye citsiru cosekedwa, ndipo milandu ya nyama imaweruzidwa pabwalo ndi mboni zake. Amene anamvera nkhani za a Julius Chongo pa wailesi, m'ndondomeko ya Poceza M'madzulo, akumbukira m'mene mtima unkadumphira ndi mantha pomwe nthiti zinali kuwawa ndi phwete. Wanchito wa dongo wosalipidwa uja sasiyananso kweni-kweni ndi ndondocha imene anthu amati imalimira wolemera usiku.

Kusiyana kuli pa cinthu cimodzi. Kwa wowerenga wa ku London kapena ku Chicago, mfiti ndi ya m'buku cabe. M'midzi yambiri mau amenewa amagwera munthu weni-weni, kawiri-kawiri nkhalamba yosauka yopanda woiteteza, ndipo ena athamangitsidwa m'midzi mwao, ena aphedwa. Ndico cifukwa cake Lamulo la za Ufiti, mutu 90 wa malamulo a Zambia, limati kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Motero wowerenga wa kumudzi akhoza kupeza m'mabuku awa cinthu cimene ena amacidumpha. Ngakhale m'dziko lopeka limene zilombo zimayendadi pamseu masana, wofufuza wabwino samanga wina cifukwa ca mano ake atali kapena maso ake ofiira. Amafunsa kuti ndani anaona, ndani apindula ndi imfayi, ndipo poizoni anagulidwa kuti.

Mkangano wa awerengi sunathe, ndipo mwina sudzatha. Wokonda mwambi adzapitiriza kuwerenga zizindikiro, wokonda mantha adzanyansidwabe ndi mzukwa woyankha lamya. Koma magulu onse atatu amakumana pa mfundo imodzi: buku limene wolakwa wake adziwika ndi kuombeza kapena ndi kuloza cala amaliponya pansi. Dan Chambeaux amapita kwa wokonza mitembo nthawi ndi nthawi kuti thupi lake lisaonongeke, koma akacoka kumeneko amabwerera ku mafaelo ake, pakuti akulu anati mlandu suola.