Chithunzi cha manja anayi m'golosale ya mbale wathu

Zaka zingapo zapitazo tinaitanidwa kukamva mlandu wa kalendala. Mkulu wa mpingo wina wa kufupi ndi Chitedze, mwini kagolosale m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, analandira kalendala yaulere kwa mmwenye amene amapikulako katundu mu Lilongwe, naikoloweka pakhoma. Sabata isanathe mbiri inali itafika ku Mpingu kuti mkuluyo walowa za satana. Pakalendalapo panali munthu wa khungu la buluu, wa manja anayi, atazunguliridwa ndi nsomba, fulu, nguluwe ndi mkango wa thupi la munthu. Ogula anayamba kulambalala.

Tisanaweruze, tinayenera kudziwa chimene tinali kuchiyang'ana. Wa manja anayiyo ndi Vishnu, amene Ahindu amamulambira monga wosunga dziko. Manja ochulukawo ndi njira ya wojambula yonenera kuti mphamvu zake zimaposa za munthu. M'manjamo muli chigoba cha nkhono ya m'nyanja chimene amachiliza ngati lipenga, chida chozungulira chodulira choipa, chibonga cha ulamuliro, ndi duwa longa kakombo, loyera ngakhale limamera m'matope.

Zomuzungulirazo amazitcha avatara, ndiko kunena kutsika. Ahindu amaphunzitsa kuti chilungamo chikazilala, Vishnu amatsikira pansi pano m'maonekedwe oyenera vuto la nthawiyo, ndipo otchuka ndi 10. Monga nsomba, Matsya, anapulumutsa Manu ku chigumula. Monga fulu, Kurma, ananyamula phiri pamsana pake. Monga nguluwe, Varaha, anavuula dziko limene linamizidwa m'madzi. Monga Vamana, wamfupi ngati akafula a m'nthano zathu, anapempha mfumu Bali malo a mapazi atatu okha, kenaka anakula naponda dziko ndi thambo lomwe.

Chimene chinaopsa anthu kwambiri ndi mkango uja, Narasimha, koma nkhani yake ndi ya mwana. Mfumu yankhanza, Hiranyakashipu, inalandira lonjezo lakuti sidzaphedwa ndi munthu kapena nyama, usana kapena usiku, m'nyumba kapena panja. Inadziona yotetezeka mbali zonse, nilamula kuti aliyense aipembedze. Mwana wake Prahlada anakana, ndipo bambo wake anafuna kumupha. Vishnu anatulukira ali theka munthu theka mkango, nthawi ya chisisira, naigwira mfumuyo pakhomo penipeni. Mhindu akaona mano ndi zikhadabo zimenezo amakumbukira kuti wankhanza, ngakhale achenjere chotani, amasiya mpata, ndi kuti mwana wokhulupirika ali ndi womutchinjiriza. Palinso Rama, amene kubwerera kwake ku Ayodhya patatha zaka 14 Ahindu ambiri amakukumbukira ndi nyali za Diwali, Krishna wa chitoliro, ndi Kalki amene amati adzabwera pa kavalo woyera.

Ife sitiphunzitsa zimenezi, ndipo sitibisa kusiyana kwake. Timalalikira kuti Mulungu anakhala munthu kamodzi kokha, mwa Yesu wa ku Nazarete, nafa imfa yeniyeni m'masiku a Pontiyo Pilato. Komabe Paulo, pa Machitidwe 17, anayamba wayendayenda mu Atene kupenyetsetsa zimene anthu ankapembedza, ndipo polankhula nawo anatchula zimene anaziona molondola. Makolo athunso ankati Namalenga poganiza za chilengedwe, Mphambe kukagunda bingu, Chauta poona uta wa Leza. Choncho sitiyenera kudabwa kuti anthu a ku India anayesa kufotokoza ntchito zosiyanasiyana za mulungu wawo ndi maonekedwe osiyanasiyana. Tionjezerenso kuti si mmwenye aliyense ali Mhindu: ambiri mwa amene makolo awo anachokera ku Gujarat ndi Asilamu.

Pabwalo paja tinafunsa ofalitsa mbiriyo ngati analipo wodziwa dzina la wojambulidwayo. Panalibe. Tinawakumbutsa lamulo loletsa kuchitira mnzako umboni wonama, pakuti lili pa Eksodo 20 pomwepo pamene iwo anapezapo loletsa mafano. Mkuluyo sanagwadirepo chithunzicho. Iye ankafuna masiku olemberapo angongole. Chifukwa cha ofooka m'chikhulupiriro anavomera kudula chithunzicho ndi lumo, nasiya masikuwo pakhoma. Awiri mwa oneneza aja anapepesa Lamulungu lotsatira, koma mabanja ena anapitirizabe kukagula mchere ndi sopo kutsidya kwa msewu.