Pulinta yongokhala ndi imene imatseka inki

Amalonda ambiri amene amasindikiza makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mapologalamu a maliro ndi zithunzi amadalira pulinta za inki yamadzi, monga Epson L382, L3110 ndi L3210. Makinawa sadya ndalama zambiri pa inki, koma ali ndi vuto limodzi lodziwika. Tsiku lina pepala limangotuluka ndi mizere yoyera, nkhope ya mkwatibwi itasanduka yobiriwira, mwini makadi ali pakhomo kufuna ndalama yake. Nthawi zambiri pulintayo imakhala isanafe. Inki ndiyo yauma mu hedi.

Hedi ndi kachipangizo kamene kamayenda uku ndi uku mkati mwa pulinta kakupopera inki papepala. Kunsi kwake kuli timabowo tambirimbiri, tating'ono kuposa tsitsi la munthu. Gawo lalikulu la inki ndi madzi, ndipo anaipanga kuti iziuma msanga ikafika papepala. Ikakhala nthawi yaitali pa timabowoto osayenda, imaumanso chimodzimodzi n'kutitseka. Choncho pulinta imene imagwira ntchito tsiku ndi tsiku kawirikawiri sivuta. Yovuta ndi ija yakhala milungu itatu mwini wake ali kumudzi kokolola.

Palinso msampha wina. Wamalonda amene ntchito zake zambiri ndi makalata amangogwiritsa ntchito inki yakuda, mitundu itatu ija ili duu. Tsiku lobwera ntchito ya makadi, yolipira bwino, ndi pomwe amazindikira kuti yachikasu situluka. Mankhwala ake ndi otchipa: kusindikiza pepala limodzi lokhala ndi mitundu yonse inayi kamodzi kapena kawiri pa sabata, ngakhale pasakhale kasitomala. Kuseri kwa pepala lowonongeka kumakwanira.

Kuzimitsa kumafunanso luso. Pulinta ikazimitsidwa ndi batani lake, hedi imabwerera pakona pomwe pali kachivindikiro ka labala kotseka timabowo kuti mpweya usalowe. Wozula chingwe kapena wozimitsa pasoketi pulinta isanamalize kuyenda amasiya hedi pamtunda usiku wonse. Magetsi akazima ntchito ili mkati, zimachitikanso zomwezo. Akangoyaka, ndi bwino kuyatsa pulintayo, kuidikira ikhazikike, kenako n'kuizimitsa ndi batani.

Fumbi ndi kutentha zimafulumizitsa vutoli, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, kwa amene ali ndi mashopu m'mbali mwa msewu kapena pafupi ndi depoti. Pulinta isakhale pawindo pomwe pamawomba dzuwa, ndipo ikazimitsidwa iphimbidwe ndi chitenje choyera. Mapepala nawo azisungidwa m'paketi yake, chifukwa fumbi la papepala limakathera ku hedi.

Pa nkhani ya inki, botolo lililonse lili ndi nambala yake. L382 imamwa inki ya 664, pomwe L3110 ndi L3210 zimamwa ya 103. Inki yosadziwika kochokera, yothiridwa m'mabotolo opanda chizindikiro, imaoneka yotchipa pogula, koma ikasakanikirana ndi ina yosagwirizana nayo imatha kuundana m'timapaipi. Inki isatsikenso kupyola mzere wapansi wa thanki, apo ayi mumalowa mpweya ndipo mizere yoyera imayamba. Pa pulinta za Canon ndi HP ngozi yake ndi yaikulu, chifukwa hedi zake zimatulutsa inki poitenthetsa, ndipo zikamayenda zopanda inki zimatha kupsa.

Mizere ikayamba, choyamba si kutsegula makina. Pa kompyuta, m'gawo la Maintenance, muli Nozzle Check. Imeneyi imasindikiza timizere ta mtundu uliwonse, ndipo pomwe padukaduka ndi pomwe patsekeka. Zikatero ndiye pafunika Head Cleaning, kenako Nozzle Check ina kuti aone ngati zasintha. Malangizo a Epson pa makina ngati L3110 amati zikakanika katatu, pulinta ipume maola 12 osasindikiza kanthu, kenako ayesenso. Kupumako kumapatsa mpata inki youma kuti ifewe.

Apa ndi pomwe ambiri amaluza. Kasitomala akamadikira, mtima umathamanga, munthu n'kutsuka kakhumi motsatizana. Kutsuka kulikonse kumakoka inki m'matanki n'kuitaya m'kathonje kamene kali pansi pa pulinta. Makinawo amawerenga inki yotayidwayo, ndipo akaona kuti thonje ladzaza amakana kusindikiza mpaka apite kwa okonza. Inki yatha, vuto lachiwiri labadwa. Power Cleaning imamwa inki yochuluka kuposa pamenepo, kotero ndi njira yomaliza, ndipo imafuna kuti m'matanki mukhale inki yokwanira.

Singano, mafuta a palafini ndi madzi a pampopi zisayandikire hedi. Timabowo tikakandika sitikonzeka, ndipo mtengo wa hedi yatsopano pamodzi ndi wa mmisiri ungamuganizitse munthu zongogula pulinta ina. Potengera makinawo kwa okonza, anyamulidwe chokhazikika, osapendeka kapena kuimika chammbali pa kabaza, chifukwa inki imatayikira mkati.

Amene akufuna kugula makina ayambe waona ntchito zimene zimabwera pashopu pake. Ngati pafupifupi zonse ndi makalata ndi mafomu akuda, pulinta ya laser ingamuyenere, popeza imagwiritsa ntchito tona ya ufa imene siuma ikakhalitsa. Koma amene phindu lake lili pa zithunzi ndi makadi, asankhe tsiku limodzi pa sabata, kaya Lolemba m'mawa asanatsegule, losindikiza pepala la mitundu inayi lija n'kuyang'ana mzere wa inki m'matanki onse.