Masewera a Manic Miner ndi Phunziro Lace kwa Mphunzitsi

M'caka ca 1982 kampani ya Sinclair Research ya ku Cambridge inaturutsa kompyuta yaing'ono ya m'nyumba yochedwa ZX Spectrum. Mwini wace anali kuilumikiza ku wailesi ya kanema, ndipo masewera anali kuwalowetsamo kucokera pa kaseti. M'caka ca 1983 mnyamata wa zaka 17, dzina lace Matthew Smith, anapanga masewera a Manic Miner, amene kampani ya Bug-Byte ya ku Liverpool inayamba kugulitsa. Nzeru yace anaitengera ku masewera ena a ku America, Miner 2049er, amene Bill Hogue anapanga m'caka ca 1982.

Wosewera amayendetsa munthu wa m'mgodi wochedwa Willy. Willyyo angathe zinthu zitatu zokha: kupita kumanzere, kupita kumanja, ndi kulumpha. Ayenera kupyola mapanga 20. M'phanga liri lonse muli nsanja zosanjikizana ndi zinthu zong'anima zimene ayenera kutola zonse, kuti khomo loturukira litseguke. Nsanja zina zimagumuka akaziponda, zina zimamkoka monga lamba woyenda. Akakhudza cirombo kapena kugwa kucokera patali, wafa. Akacedwa, mpweya wa m'phanga umatha. Wosewera amayamba ndi miyoyo itatu, ndipo ikatha, nsapato yaikuru imatsika ndi kumponda Willy, masewera nayambanso pa phanga loyamba, Central Cavern. Anthu anawakonda kwambiri, kotero kuti m'caka ca 1984 Smith anaturutsa ena otsatira, Jet Set Willy.

Cinsinsi ca masewerawa ndi ici: zirombo siziyenda mwacisawawa ai. Ciri conse ciri ndi njira yace imene cimabwereza nthawi zonse. Cotero wopambana sapambana mwa mwai, koma poyang'anitsitsa, pokumbukira pamene anagwera, ndi poyesanso. Cilango cimadza nthawi yomweyo, ndipo cifukwa cace cimaoneka poyera.

Apa mpamene mphunzitsi wa ana ang'ono ayenera kuganiza. Mwana amene walakwa samu Lolemba, nauzidwa kulakwa kwace Lacisanu, waiwala kale njira imene anayendamo. Koma akaona msanga pamene waterereka, napatsidwa danga loyesanso popanda kumcititsa manyazi, adzafuna yekha kubwereza.

Mphunzitsi wa ku Kasinje, m'boma la Ntcheu, sasowa kompyuta kuti acite zimenezi. Ana amadziwa kale phada, masewera a malamulo ocepa amene woponda mzere amaturuka pomwepo. Nkhani ya mgodi nayonso siiri yacilendo, pakuti amuna ambiri a dziko lino ananka ku migodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela, kufikira boma linaletsa ulendowo m'caka ca 1974, ndege itagwa ku Francistown. Tsono mphunzitsi ajambule mapanga pa bwalo la sukulu, aike funso limodzi pa phanga liri lonse, ndipo mwana asalumphire phanga lotsatira asanayankhe bwino. Wolakwa abwerere pambuyo, amve yankho la mnzace, nayesenso tsiku lomwelo.