Masamba a m'munsi amadzimana

Mwezi wa February ukafika ufa uli pansi pa dengu, amene amayamba kuonda pakhomo ndi amayi. Amagawa mitanda, ana n'kudya, iwo n'kunena kuti akhuta kale. Kanjedza naye, kaya ndi wa kokonati kaya uja wokongoletsa pabwalo, khalidwe lake ndi lomweli.

Mtengowu umakulira pamalo amodzi okha, pansonga pomwe pamatuluka tsamba latsopano. Nsongayo ikafa, thunthu lonse latha. Ndiye potaziyamu akachepa m'nthaka, mtengo umamuchotsa m'masamba akale a m'munsi n'kumupereka kwa khanda lili pamwambalo. Yang'anitsitsani tsamba lotero mutaliloza kudzuwa: muona timadontho tachikasu, tina tofiirira, kunsonga kwake kutauma ngati kwawauka ndi moto. Likakhala lachikasu m'mbali monse koma pakati pali pobiriwira, chasowa ndi maginiziyamu.

Apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Timatenga chikwanje n'kusadza masamba achikasuwo kuti pakhomo paoneke bwino. Kumeneko n'kuthamangitsa amayi pamudzi pomwe ana akudyera m'manja mwawo. Mtengo umangoyamba kuyamwa masamba otsatira. Lisiyeni tsambalo mpaka liume lonse, mudule pambuyo.

Kulakwitsa kwina n'kuthira feteleza wotsala kumunda wa chimanga. Yureya ndi nayitirojeni yekhayekha. Feteleza wokulitsa uja tidazolowera, wa 23:21:0+4S, ziro ali pamenepoyo akutanthauza kuti mulibe potaziyamu ngakhale pang'ono. Nayitirojeni amauza mtengo kuti ubereke masamba ambiri, pomwe chowadyetsa palibe. Zili ngati kuitana alendo khumi poto wa ndiwo ali yemwe uja. N'chifukwa chake kanjedza wobzalidwa pakati pa kapinga wothiridwa yureya kawirikawiri amaoneka wodwala kuposa mnzake wakutchire amene palibe amamulabadira. Akatswiri a ku University of Florida amalimbikitsa feteleza wa 8-2-12 wokhala ndi maginiziyamu, wosungunuka pang'onopang'ono. Onani kuti nambala yomaliza, ya potaziyamu, ndiyo yaikulu.

Kusungunuka pang'onopang'onoko kuli ndi chifukwa. Mchenga ngati wa m'mbali mwa nyanja ku Salima kapena ku Mangochi susunga kanthu, mvula imodzi yamphamvu imatsuka zonse. Mwana sumudyetsa phala la sabata yathunthu tsiku limodzi. Gawani fetelezayo katatu kapena kanayi pachaka, nthaka ili yonyowa, ndipo muwaze mozungulira pansi ponse pamene pafika mthunzi wa masamba. Kuunjika patsinde n'kuotcha mizu chabe, mizu yambiri yoyamwa ili patali.

Amene alibe ndalama asataye mtima. Makoko a kokonati ali ndi potaziyamu wambiri, akwirireni pansi pa mtengo womwewo pamodzi ndi manyowa. Phulusa la kukhitchini nalo lili naye, koma lisachuluke, chifukwa limasintha nthaka mpaka mtengo kulephera kuyamwa manganizi, ndipo pamenepo amene amatuluka opiringizika ndi masamba atsopano.

Pamene fanizo lathu likulekera ndi apa: amayi amanenepanso zokolola zikalowa m'nkhokwe, koma tsamba la kanjedza likachita chikasu silibwereranso. Mudzathira mwezi uno, mwezi wamawa mudzapeza lili chomwecho, n'kuyamba kutukwana wogulitsa feteleza. Yang'anani kunsonga, ku masamba amene akutuluka kumene. Kuti onse akale alowedwe m'malo pamatenga chaka, mitundu ina zaka ziwiri kapena kuposerapo.